Ndinaitsitsa 1400 yanga, ankolo mpaka lero akungopukusa mutu

Loweruka lapitali yakwana miyezi itatu chiitsitsireni baki yanga ndipo anyamata angapo a kumudzi omwe tili nawo kuno ku Joni akhala akundivutitsa pa WhatsApp kuti aise unapanga bwanji, siikukhula pansi, nanga katundu ukunyamulabe? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi ndiye ndati ndingolemba kamodzi zonse, zabwino ndi zopusa zomwe, chifukwa zopusazo ndiye zinachuluka.

Kwa amene simukuidziwa, yanga ndi Nissan 1400 ya 1996, yoyera, ya mpando umodzi wautali uja, osati Champ ya mizere m'mbali. Timagalimoto timeneti kuno ndi ngati njinga ya kabaza kwathu, kulikonse utipeza. Tinayamba kugulitsidwa kuno mu 1971 tili Datsun 1200, mu 1980 anaikamo injini yokulirapo ya A14 nkukhala 1400, ndipo anapitiriza kutipanga ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria mpaka 2008 pomwe inabwera NP200. Tangoganizani, zaka 37 thupi lake lomwelomwelo. Mabunu anaipatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza kuti siingafe, ndipo sananame. Ine ndinaigula kwa madala wina wa ku Benoni yemwe ankagwira ntchito ya mapaipi, kumbuyo kunali kutachita dzimbiri pang'ono koma injini ukailiza mmawa kamodzi kokha yadzuka. Ndi imene yandidyetsa zaka zinayi izi: mafiriji, mabedi, zinyalala za m'magadeni, masutikesi ndi mabelo a anthu opita kumudzi kukawatula ku Park Station. Mfundo imeneyi muisunge, yoti ndi galimoto ya ganyu, chifukwa ine mwini wake ndinaiiwala.

Chinandilowa mmutu ndi tsiku lina Lamulungu ku Lenasia, ndinaima pothira petulo ndiye pambali panga panadzaima 1400 inzake yachikasu, malimu a 15, teyala litalowa pang'ono mkati mwa madigadi, pansi penipeni ngati yagwada. Mnyamata wake anatsika osayang'ana ndi munthu yemwe, koma tonse pa galajapo makosi anatembenuka. Nditayang'ana yanga, mpata wa pakati pa teyala ndi madigadi woti mwana wa mbuzi atha kubisalamo, kumbuyo kuli m'mwamba ngati nkhuku yojompha chimanga, mtima unangoti basi nanenso.

Usiku umenewo ndinagona mochedwa ndili pa YouTube, ndipo apa ndi pomwe ndinayamba kusokera. Mavidiyo ambiri otsitsa mapikapu akale ndi a ku America, a Chevrolet C10 makamaka, ndiye munthu umamva mawu ambirimbiri, drop spindle, flip kit, C-notch, air bag, nkumaona ngati zonsezo zikukhudza iwe. Ayi ndithu. C10 ya kuyambira 1973 mpaka 1987 ekiselo ya kumbuyo imakhala pansi pa masipuling'i, ndiye akafuna kuitsitsa amaisamutsa ekiselo ija nkuikweza pamwamba pa masipuling'i, ndiye flip kit imeneyo, imatsika kwambiri nthawi imodzi mpaka amacheka chasisi kuti ekiselo ipeze polowa ikagunda bampu. Pomwe ka 1400 ekiselo inakhala kale pamwamba pa masipuling'i chichokereni ku fakitale, palibe choti utembenuze, umangolowetsa buloko pakati pa ekiselo ndi sipuling'i, ekiselo yakwera, thupi latsika. Kutsogolo nakonso nkosiyana, 1400 ili ndi ma strut ngati kagalimoto wamba, koyilo itavala shock mkati, osati mikono iwiri ngati C10. Zinanditengera sabata yathunthu kuti ndizindikire kuti ndikuonera maphunziro a galimoto ya eni.

Ankolo, achimwene awo a mayi anga, amene anandilandira kuno nditangofika ndipo anayendetsapo mathiraki zaka zambiri, nditawauza anangondiyang'ana kaye nthawi yaitali.

"Iwe mphwanga, galimoto ikukudyetsa, ukufuna uithyole miyendo?"

Ndinati ayi ankolo, ndingotsitsa pang'ono kuti izioneka bwino komanso pa kona izigwira msewu.

"Kona yake iti? Firiji imafuna kona?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke.

Ndinayambira kutsogolo. Mnzanga wina wa ku Mangochi amene amawotcherera mageti anati aise usavutike, bweretsa tingoiotcha ndi gasi koyiloyo ili pagalimoto pomwepo, ikafiira imakhala pansi yokha, mphindi khumi zatha. Ndipo anthu amapangadi zimenezi. Mwayi wanga ndinafunsako kaye madala wina amene ali ndi kashopu kokonza masipuling'i a mathiraki ndi ma trailer, munthu wosalankhulalankhula, manja akuda bii ndi oyilo wazaka. Anandiuza kuti chitsulo cha sipuling'i chinaphikidwa mwa njira yake kuti chizibwerera chikapindika, ukachiotcha mpaka kufiira wachipha, chimafewa, chizingotsikabe mwezi ndi mwezi mbali ina kuposa inzake kenako tsiku lina chidzathyoka uli pa liwiro. Anati ngati ulibe ndalama yogulira makoyilo otsitsira enieni, bola kudula ndi galainda, pang'onopang'ono, osalola kuti chitenthe kwambiri. Gasi ndinamukana. Pamenepo pokha ndiye ndinamvera.

Kuchotsa strut pa 1400 sikovuta, manati a pamwamba mkati mwa boneti, mabawuti a pansi, paipi ya buleki, yatuluka. Chovuta ndi kuchotsa koyilo pa strut. Koyilo ija imakhala itapanikizidwa ndipo mphamvu imene ili mmenemo si yamasewera. Ndinabwereka zopanira zake zija za ndodo ziwiri zamazinga, zakale, mano ake atatha. Ndikumanga mbali imodzi, inayo inaterera nkuzungulira kubwera mbali yomweyo, koyilo yonse inapindika ngati uta kuloza pamimba panga. Amwene thukuta linatuluka nthawi yomweyo ngakhale kunali kozizira kwa June. Ndinaigoneka pansi pang'onopang'ono ngati ndanyamula mwana wakhanda, nkuiloza kukhoma, nkuyamba kumasula ulusi umodziumodzi nditaima chammbali. Mwana wanga wamkazi anali atakhala pa sitepe akudya chingwa akundionerera, ndinamuthamangitsira mnyumba mokalipa mpaka analira, osadziwa kuti walakwa chani. Ngati mungaiwale zonse zomwe ndalemba pano, ichi chokha: zopanira zikhale zabwino, mumange mbali zonse mofanana, ndipo nkhope yanu kapena mwana asakhale kutsogolo kwa koyilo.

Tsono kudula. Madala uja anati dula theka la koyilo, bwezera, yendetsa, yeza, ukaona kuti sizinakwane udulenso. Ine ndinawerengera kuti kumasula ndi kubwezera kawiri katatu ndi zopanira zoopsa zija ayi sindingathe, ndiye ndinangodula koyilo imodzi ndi theka kamodzinkamodzi. Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa nkudyabe. Chomwe sindinkadziwa nchakuti pa strut, sipuling'i ili pafupifupi pamwamba penipeni pa teyala, ndiye chimene wachotsa pa sipuling'i chimaoneka pafupifupi chonsecho pa kutsika kwa galimoto. Komanso sipuling'i ukaifupikitsa imalimba, chifukwa makoyilo ogawana katundu achepa, mwachitsanzo ngati ogwira ntchito anali 7 nkutsala 6 ndiye kuti yalimba ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Kulimbako pakokha si vuto kwenikweni, galimoto yotsika imafunadi sipuling'i yolimbirapo. Vuto linali lakuti inafupika mopyola. Nditabwezera zonse galimoto idakali pa jeke, teyala likulendewera, ndinagwira koyilo ija ndipo inkagwedera, kuzungulira ndi dzanja momasuka. Kutanthauza kuti ukadumpha hampu kapena teyala likagwera m'dzenje, sipuling'i itha kuchoka pampando pake nkubwerera mokhota. Ndinaziona ndi maso angawa koma ndinadziuza kuti aaa ikatsika pa jeke ikhala bho.

Kumbuyo ndinagula mabuloko a 75mm kwa munthu wina pa Facebook, a aluminiyamu, otchipa. Ntchito yake ndi yophweka ukaimva: galimoto pa ma stand, jeke pansi pa difu (chitsulo chotupa cha pakati pa ekiselo), masula ma U-bolt omwe amamanga ekiselo ku sipuling'i, kweza ekiselo, lowetsa buloko, kachitsulo kotuluka pa sipuling'i kalowe pabowo la buloko, ka pa buloko kalowe pabowo la ekiselo, manga. Timitu timeneti ndi timene timagwira ekiselo kuti isasunthe kupita kutsogolo kapena kumbuyo, ndiye tikapanda kulowa bwino galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu. Ma U-bolt akale sangakwanenso chifukwa buloko yawonjezera utali, ndipo ngakhale akanakwana sabwezeredwa, akamangidwa kamodzi amakhala atakokeka. Manati anali atagwirana ndi dzimbiri la zaka pafupifupi 30, awiri anamasuka nditawanyowetsa usiku wonse, enawo ndinangodula ndi galainda. Ogulitsa uja anandipatsa ma U-bolt atsopano aatali kwambiri, ndipo ine osaganiza ndinawasiya choncho osadula zotsalira, ali lende pansi ngati ndevu.

Nditaitsitsa pa jeke madzulo amenewo, eee. Ndisaname, inakongola. Ndinakhala pa ndowa panja mpaka mdima ndikungoiyang'ana. Madamu anatuluka nkunena kuti "bambo a mwana, nsima ikuzizira, kapena mudya galimotoyo?" Ndinajambula zithunzi mwina 40, nkuika pa status, mafoni anayamba kulira. Masiku awiri amenewo ndinali munthu.

Tsiku lachitatu hampu ya pageti pa malo omwe timachita lendi inandilandira. Khweee! Ekizosi. Ndinabwerera mmbuyo, nkuyesa chopingasa, teyala limodzilimodzi, khwee pang'ono, ndadutsa. Ndinati palibe kanthu, otsitsa onse amadutsa chopingasa, ndi sitayilo yake. Koma mumsewu zinthu sizinali bwino. Kutsogolo kukagunda kabampu kakang'ono kumamveka gu! ngati wina wamenya ndi hamala pansi pa mapazi, chifukwa shock inali itatsala ndi kampata kochepa kwambiri koti iyendemo, nthawi zonse imakafika pothera nkugunda mphira uja woletsa. Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto yotsika imagunda chifukwa masipuling'i alimba, koma nthawi zambiri ndi zimenezi, ulendo wa shock watha, ukuyenda pa mphira. Ndipo pa mabampu chiwongolero chimakoka chokha uku ndi uku, chifukwa mikono ya pansi ndi ma tie rod, ndodo zolumikiza chiwongolero ku matayala, zomwe poyamba zinali zogona bwino tsopano zinali zitaloza m'mwamba, teyala likakwera limakhotanso pang'ono lokha. Pa N12 ndikuthamanga 80 mpaka 90 pansi pa mpando pamabwera kunjenjemera kwina kwake komwe kunalibe kale, ngati foni ili pa vibrate mthumba. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chomwe chimapititsa mphamvu ya injini ku matayala a kumbuyo, ngodya yake inali itasintha.

Zonsezi ndinkazipirira, kunamizira kuti sindikumva, wailesi mokweza.

Chinandigwetsa ndi ganyu ya ankolo omwewo. Anali ndi katundu wotumiza kumudzi kwa azakhali, firiji, matumba a simenti 4 omwe anatsala pa ntchito ina ndipo amati akawasiye kwa mnzawo panjira, mabelo awiri a zovala ndi njinga. Simenti yokha ndi makilogalamu 200, kuphatikiza zinazo mwina tinafika 350 kapena kupyola pang'ono, katundu woti kale 1400 imanyamula ikuimba nyimbo, paja ndi ya hafu tani. Titamaliza kupakira ndinayang'ana kumbuyo, teyala lalowa mkati mwa madigadi mpaka limu kutsala pang'ono kubisika. Ankolo anayang'ananso, osanena kanthu, anangokwera nkumanga lamba.

Tisanathe ndi makilomita awiri omwe, dzenje. Silinali lalikulu, la masiku onse la ku Joni kuno mvula ikadutsa. Phokoso lake ngati mfuti, ekiselo inamenya thupi la galimoto, firiji inadumpha, kenako fungo la mphira wopsa. Ndinaima pambali. Teyala la kumanzere linali litakhulidwa mzere mbali yonse ndi mlomo wa madigadi, ndipo nditagwada kusuzumira pansi ndinaona ndevu za ma U-bolt zija zitapindika, imodzi yonyezimira mbee pomwe inapala tala. Apa ndi pomwe ndinachita mantha enieni, chifukwa ndinaona kuti zitsulo zimenezo zinali pansi kuposa mlomo wa limu. Ndiye kuti teyala likanaphulika, choyamba kugwira msewu sichikanakhala limu koma ma U-bolt, ndipo galimoto ikanazungulira pomwepo ndi ankolo anga mkati.

Iwo anatsika, nkuzungulira galimoto yonse manja kumbuyo ngati akuyendera munda wa mwana waulesi.

"Yakongoladi," anatero. "Tsono tiimbire ndani adzanyamule katunduyu?"

Ndinalipira mnyamata wina wa Hilux kuti amalize ulendowo, ndalama yochokera mthumba mwanga, pa ganyu yomwe ndimayenera kulandira ine. Manyazi ake sindingawafotokoze. Sabata imeneyo ndinakana maganyu atatu, awiri a mafiriji, imodzi ya mchenga, ndipo lendi siidziwa kuti galimoto yako ikuoneka bwino pa status.

Ndinabwerera kwa madala wa masipuling'i uja mutu uli pansi. Sanandinyoze, anangotenga tepi nkuyamba kuyeza, ndipo apa ndinaphunzira chinthu choyamba chimene ndikanayenera kuchita ndisanagwire sipanala: kuyeza. Pamalo osalala, matayala ali ndi mpweya wofanana, kuchokera pakatikati pa limu kufika pa mlomo wa madigadi, ngodya zonse zinayi, nkulemba papepala. Osati kuchokera pansi, chifukwa teyala limanama. Ine ndinalibe nambala ndi imodzi yomwe ya mmene inalili poyamba, ndimangoti inali "m'mwamba". Anapeza kuti mbali ya dalaivala kutsogolo inali pansi ndi 12mm kuposa inzake, kudula kwanga kwa maso kuja kuphatikiza kutopa kwa sipuling'i yomwe yanyamula dalaivala yekha zaka zonsezi.

Kenako anandifunsa funso lomwe ankolo anandifunsa mwa njira ina: galimotoyi ntchito yake nchani? Ndinati ganyu, koma ndikufunanso izioneka. Anati ndiye usankhe nambala yomwe ziwirizo zingakumanepo, ndipo nambala imeneyo si 75.

Zomwe tinapanga ndi izi, ndipo ndi mmene ilili mpaka lero. Kumbuyo tinachotsa mabuloko a 75 nkuika a 50mm achitsulo, ndi ma U-bolt ena atsopano a saizi yake, odulidwa bwino kungotsala timazinga tochepa pansi pa nati. Anandichenjeza kuti buloko ikatalika kwambiri imakhala ngati wapatsa ekiselo chogwirira chachitali chopotokolera sipuling'i, ukanyamuka mwamphamvu kapena kuponda buleki sipuling'i imapindika ngati S ndipo teyala limadumphadumpha, komanso kusanjikiza mabuloko awiri ndi kufuna maliro. Anawonjezera leaf imodzi, chitsulo chophwathalala cha sipuling'i ya kumbuyo, mbali iliyonse kuti ikanyamula katundu isamakhale pansi msanga, zomwe zinaikwezanso pang'ono, ndiye kutsika kwenikweni kumbuyo kunathera cha m'ma 40mm. Mphira woletsa uja anaudula pang'ono kuti ekiselo ipeze mpata koma sanauchotse, anati amene amachotseratu amafuna chitsulo chizimenya chitsulo. Ma shock a kumbuyo tinayeza utali wake itatsika nkupeza kuti akale akadali ndi mpata, poti pa mabuloko mbale ya pansi yomwe sipuling'i yakhalapo siisuntha kwenikweni, koma anali atatha kale ndiye ndinagula ena. Anaikanso timaweji tating'ono pakati pa buloko ndi ekiselo kukonza ngodya ya difu, ndipo kunjenjemera kwa pa 80 kuja kunatheratu. Anayang'ananso paipi ya buleki ndi waya wa handibuleki kuti sizikukokeka kapena kukhuzana ndi kanthu, zomwe ine sizinandidutse nkomwe mmutu.

Kutsogolo makoyilo anga odula aja anapita ku sikirapu. Ndinagula otsitsira enieni a 40mm, omwe amapangidwa kuti akhale ofupika galimoto ikawakhalira koma osagwedera teyala likalendewera, ndi ma shock atsopano a gasi mkati mwa ma strut. Ulendo uno koyilo anapana ndi madala pa makina ake a pakhoma, ine nditaima patali ndithu. Kanthu kena kakang'ono komwe anandionetsa: mabawuti a mabushi a mphira samangidwa kotheratu galimoto ili m'mwamba, umayamba waitsitsa kuti ikhale pa matayala ake kenako nkumanga, apo ayi mphira umakhala wopotoka nthawi zonse ndipo miyezi ingapo wang'ambika. Ine ulendo woyamba ndinamanga zonse ili pa jeke, mwamphamvu, mpaka kuponda sipanala ndi phazi.

Anati ndiyende nayo sabata imodzi kuti ikhazikike kenako ndipite ku alignment. Ndinapita, ndipo mnyamata wa pamakinapo atangoona matayala a kutsogolo anaseka, mkati mwake munali mutadyeka kale pa milungu itatu yokha ija ndinkayenda ndi makoyilo odula. Galimoto ikatsika matayala amapendekera mkati kumtunda, komanso toe, kutanthauza mmene matayala alozera kutsogolo, imasokonekera, ndipo toe ndi imene imadya teyala ngati chiswe. Pa 1400 toe amakonza mosavuta pa ma tie rod, koma kupendekerako kulibe pokonzera pa galimoto ya fakitale, ndi chifukwa chinanso chosatsitsira mopyola. Pa 40mm kunatsala kochepa koti nkukhala nako. Matayala awiri atsopano, ndalama inanso. Magetsi a kutsogolo nawonso anafunika kuwongola chifukwa anali akuloza polakwika. Ma U-bolt ndinabwerera kukamangitsanso nditayenda makilomita ngati 500, ndipo anapezekadi atamasuka pang'ono, choncho musamati mwamanga kamodzi basi zatha.

Ekizosi tinaikweza pang'ono kwa mnzanga wa mageti uja, amene mpaka lero amati ndikanangomvera za gasi zonsezi sizikanachitika. Ndimangomusiya.

Za ndalama sindilemba manambala chifukwa madamu amawerenga zomwe ndimalemba, koma ndinganene kuti njira yotchipa ija inandidyera kuposa yodula, ukaphatikiza matayala atatu, Hilux ija ndi maganyu omwe ndinakana. Ndipo amene muli ndi inshuwalansi auzeni kuti mwasintha galimoto, musadzadabwe tsiku la ngozi. Komanso kumbukirani kuti kuno galimoto ikamasintha mwini imayenera kudutsa roadworthy, kuyezedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndiye sipuling'i yogwedera kapena teyala lokhula thupi zidzakuvutani pogulitsa. Apolisi a pamsewu anandiimitsapo kamodzi chiitsitsireni, wina anagwada nkusuzumira pansi, anayang'ana disiki ndi laisensi, nkundifunsa ngati ndikuigulitsa. Ndinati ayi bwana.

Mmene ikuyendera pano? Bwino, kunena zoona bwino kuposa mmene inalili ndisanaigwire, ngakhale ndikukayika ngati ndi kutsikako kapena ma shock atsopano, chifukwa akale aja anali atafa kalekale ine osadziwa. Pa kona siikupendama ngati bwato. Mpata wa pa madigadi watsala wa zala ziwiri kutsogolo, zitatu kumbuyo. Siifika pa yachikasu ya ku Lenasia ija, ndipo ndavomereza kuti siidzafika, mwini wa ija sanyamula firiji ya munthu. Ndimanyamula mpaka makilogalamu 300 mtima uli mmalo, kupyola apo ndimayenda ngati ndanyamula mazira kapena ndimangopanga maulendo awiri. Mchenga ndi njerwa ndinasiya, ndimapatsira mnyamata wa Hilux uja, tinasanduka mabwenzi. Hampu ya pageti ndimadutsa mowongoka ndikakhala ndekha, chopingasa ndikakhala ndi katundu. Malimu ndidakali pa 13 omwe ndinaigula nawo, a 15 ndikuwafuna koma teyala lopyapyala ndi maenje a kuno sizigwirizana, ndiye kaya.

Nkhani yomwe yatsala ndi ya December. Chaka chino ndinalonjeza amayi kuti ndibwera pagalimoto, aione ndi maso, osati pa zithunzi. Njira yake mukuidziwa amene munayendapo, N1 mpaka Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, kenako kwathu nkusiya tala kulowa msewu wafumbi womwe nthawi ya mvula ngakhale ngolo imaganiza kawiri. Ndipo munthu sungapite kumudzi kuchokera ku Joni chimanjamanja, kumbuyo kudzadzaza mpaka pamwamba. Ankolo anabwera Lamulungu lapitali kudzadya nkhomaliro, atamaliza anatuluka nkukaima pafupi ndi galimoto, anaponda bampala ya kumbuyo ndi phazi kuiyesa, inabwerera kamodzi nkuima.

"Apa ndiye bola," anatero. "Koma pa Zobue siidutsa chonchi."

Ndinati ankolo mabuloko ndi ma U-bolt anayi basi, Loweruka limodzi ndachotsa yakwera, ndikabwerako ndibwezera.

"Nanga kutsogolo? Makoyilo ake enieni aja ali kuti?"

Ndinakhala chete, paja ndinawadula ndi manja angawa. Ndiye ngati pali wina kuno ku East Rand amene akuphwasula 1400 ndipo ali ndi makoyilo a kutsogolo osadulidwa, osaotchedwa, andipeze pa inbox mwezi wa November usanathe, ndibwera ndi tepi yanga kudzayeza ndekha.